Mphepo ya mu ETABS ikakana kugwirizana ndi mphepo ya ku Mzuzu

Dandaulo la anthu owerengera mphepo mu ETABS, pulogalamu ya pa kompyuta yowerengera kulimba kwa nyumba, limakhala limodzimodzi, kaya ndi injiniya wongotuluka kumene ku koleji kapena wamkulu amene anazolowera kuwerengera pa pepala. Model yamangidwa bwinobwino, load pattern ya Wind yaikidwa, code (buku la malamulo owerengera) yasankhidwa pa Auto Lateral Load, munthu wadina Run. Kenako mphamvu ya mphepo pa maziko ikutuluka ziro, kapena yochepa moseketsa, kapena yaikulu moti zipilala zonse zafiira pa kompyuta, kusonyeza kuti zalephera, ndipo mwini nyumba akuuzidwa kuti agule zitsulo zimene thumba lake silingakwanitse. Pali vuto lina limene palibe amalidandaula chifukwa silionekera pa kompyuta: manambala ali bwino, nyumba yaima, koma mu model monsemo mulibe mphepo yokokera denga m'mwamba. Chonsecho zimene mphepo imatigwetsera kuno mvula ikamayamba ndi madenga a masukulu, matchalitchi ndi mashedi.

Pa mndandanda wa ma code mu ETABS kapena SAP2000 mupezapo ASCE 7, BS 6399, Eurocode ndi ena a maiko akutali. Wa Malawi mulibe. Pulogalamu imangochulukitsa manambala amene mwaipatsa motsatira malamulo olembedwera dziko lina, ndiye ntchito yonse yagona pa kudziwa nambala imene code iliyonse ikuyembekezera m'bokosi lililonse.

Yambani ndi kakyuleta

Musanakhudze menyu iliyonse, werengerani pamanja. Mphamvu ya mphepo pa sikweya mita imodzi ndi q = 0.613 V², V ali m'mamita pa sekondi, yankho mu N/m². Tiyerekeze kuti nyumba yathu ndi ya nsanjika zinayi, mamita 20 m'lifupi mwa mbali imene mphepo ikuomba, mamita 12 kutalika, ndipo liwiro ndi 40 m/s. Nambala ya 40 ndaisankha kuti masamu aphweke, si liwiro lovomerezeka la Mzuzu. Pamenepa q ndi 981 N/m², tingoti 0.98 kN/m². Khoma loyang'ana mphepo likukankhidwa ndi Cp (nambala yochulukitsira q pa khoma kapena denga) ya 0.8, la kumbuyo likukokedwa ndi 0.5, pamodzi 1.3. Chulukitsani 0.98 ndi 1.3 ndi masikweya mita 240, mupeza pafupifupi 306 kN.

Tsopano tsegulani tebulo la Base Reactions, muone FX kapena FY, mphamvu yopita chammbali pa maziko, ya load ya mphepoyo. Sizingafanane ndendende, chifukwa code imasintha liwiro malinga ndi kutalika ndiponso ili ndi ma factor ake. Kusiyana kwa magawo 20 kapena 30 pa 100 musadere nako nkhawa. Chimene mukufuna kudziwa ndi chakuti zasiyana kangati, popeza cholakwa chilichonse chili ndi kukula kwake. Ziro amaloza ku model. Kuchepa kasanu kumaloza ku ma unit. Kawiri, mokwera kapena motsika, ndi mtundu wa liwiro. Kukula kasanu, kuno kwathu, pafupifupi nthawi zonse ndi nkhani ya kutalika kwa malo.

Ikatuluka ziro

Mukadina Modify Lateral Load, ETABS imakupatsani njira ziwiri: mphepo igwire potengera m'lifupi mwa diaphragm (silabu ya nsanjika yotengedwa ngati mbale imodzi yogwira zipilala pamodzi), kapena igwire pa ma shell (makoma ndi denga zojambulidwa mu model). Ambiri amasiya njira yoyamba monga ayipezera, koma masilabu awo sanawapatse diaphragm. Popanda diaphragm pulogalamu ilibe poyezera m'lifupi mwa nyumba, ndiye mphamvu ndi ziro, ndipo analysis imatha bwinobwino ngati palibe chalakwika. Sankhani masilabu, muwapatse diaphragm ya D1, mubwerere ku bokosi lija muone tebulo la exposure widths. Pa nsanjika iliyonse payenera kuoneka nambala yofanana ndi ya pa pulani yanu.

Tebulo limeneli muliwerenge ngakhale mphamvu isakhale ziro. Kadontho kamodzi kotayika kutali ndi nyumba, kamene kanalowa mu diaphragm mosadziwa, kamatambasula m'lifupi kuchoka pa 20 kufika pa 35. Nyumba ya mapiko awiri olekana yopatsidwa D1 imodzi imawerengedwa ngati mpata wa pakati ndi khoma. Onaninso Top Story, Bottom Story ndi parapet. Malo ambiri ku Mzuzu ndi otsetsereka, ndiye timakonda kuika nsanjika yabodza ya zipilala zazifupi zopita ku maziko. Ngati Bottom Story ili pa Base pamene nthaka yeniyeni ili nsanjika imodzi pamwamba, mphepo ikuomba zinthu zokwiriridwa.

Mu STAAD.Pro, pulogalamu ina yofanana ndi ETABS, ziro amabwera mwa njira ina. Kumeneko mphepo imaikidwa pa mapanelo otsekedwa ndi ma member mbali zonse, ndiye beam imodzi ikasowa kapena ma node awiri akagundana osalumikizana, panelo yonse imadumphidwa. Komanso kutalika kumene mumalemba pa tebulo la intensity ndi Y yeniyeni ya mu model, sikuyambira pa phazi la nyumba. Mukakoka zojambula ku AutoCAD zokhala ndi malevulo a saveya, nyumba yanu ili pa Y ya 1,250 ndi kanthu, pamene tebulo lanu likuthera pa 12. Sunthani model yonse phazi lake likhale pa ziro.

Ikachepa kasanu

Mukasankha ASCE 7 mu ETABS, bokosi la liwiro limafuna mph, ngakhale model yonse ili mu kN ndi mamita. Zilembo zake zilipo pambali pa bokosi, koma maso amangodutsa. Mukalemba 40 poganiza mamita pa sekondi, mwauza pulogalamu 40 mph, amene ndi 17.9 m/s basi. Popeza mphamvu imayendera V², yachepa kasanu: m'malo mwa 306 kN muona za m'ma 60. Nambala yoyenera kulemba ndi 89.5, chifukwa 1 m/s ndi 2.237 mph. Samalaninso ndi kumene liwiro lachokera. A zanyengo nthawi zambiri amalemba mu knot, ndipo knot imodzi ndi 0.514 m/s, malipoti a pa wailesi amanena makilomita pa ola, 144 km/h ndiye 40 m/s.

Ikasiyana kawiri: liwiro ndi liwiro, koma la nthawi yaitali bwanji?

Apa ndi pamene anthu odziwa ntchito amakodwa. Mphepo siomba mofanana. Imabwera mwa mafunde. Mukatenga avareji ya masekondi atatu oopsa kwambiri mupeza nambala yaikulu, mukatenga avareji ya ola lathunthu la mphepo yomweyo mupeza yaing'ono. Code iliyonse inasankha yake. CP3 Chapter V Part 2 ya 1972, imene akuluakulu ambiri anaphunzirira ndipo ikadali m'mafayilo a maofesi ambiri, imagwiritsa ntchito gust (funde loopsa kwambiri la mphepo) ya masekondi atatu. ASCE 7 ya masiku ano nayonso ndi masekondi atatu. BS 6399-2 ya 1997 imayambira pa avareji ya ola limodzi. Eurocode, EN 1991-1-4, imafuna avareji ya mphindi 10, pa mamita 10 kuchokera pansi, pamalo apoyera a terrain category II.

Pamalo apoyera, gust ya masekondi atatu imaposa avareji ya ola pafupifupi ka 1.5, ndipo imaposa ya mphindi 10 pafupifupi ka 1.4. Ndiye tangoganizani munthu wapeza liwiro mu lipoti lakale la CP3, nalilemba mu bokosi la vb (liwiro loyambira) la Eurocode. Eurocode imaonjezera yokha mphamvu ya mafunde pamwamba pa avareji, ndiye mafundewo awerengedwa kawiri, ndipo 1.4 kuchulukitsa ndi 1.4 ndi pafupifupi 2. Nyumba yadula popanda chifukwa. Choopsa ndi chobwerera: kutenga avareji ya mphindi 10 n'kuilemba mu ASCE 7, imene ikukhulupirira kuti mwaipatsa kale gust. Mphepo yatsika ndi theka, ndipo model yonse ili gwa, palibe chofiira.

Njira ya BS 6399 mu ETABS ili ndi msampha wakewake. Bokosi lake limafuna Ve, liwiro limene ladutsa kale mu ma factor a malo ndi kutalika kwa nyumba. Muyenera kuliwerengera panja n'kubweretsa yankho. Mukalembamo basic wind speed yosaphika, mwachepetsa mphepo kwambiri.

Chifukwa chake mukapita ku nthambi yoona za nyengo kukapempha manambala a siteshoni ya pa bwalo la ndege la Mzuzu, musakhutire ndi nambala imodzi. Funsani ngati ndi gust kapena avareji, ya mphindi zingati, choyezeracho chili pamwamba mamita angati, ndipo zolembazo ndi za zaka zingati. Liwiro lalikulu la chaka chimodzi si liwiro la design. Ma code ambiri amayambira pa mphepo yoyembekezeka kamodzi pa zaka 50. Liwiro limene mwasankha mugwirizane ndi injiniya amene adzayang'ane ntchito yanu musanayambe, ndipo mulilembe pa tsamba loyamba la mawerengero pamodzi ndi mtundu wake.

Pali kusiyana kwina kofanana ndi kumeneku mkati mwa ASCE momwe. Mu ASCE 7-05, liwiro linali la zaka 50 ndipo mu combination (kuphatikiza kwa ma load) mphepo inkachulukitsidwa ndi 1.6. Kuyambira ASCE 7-10 mapu anasintha, liwiro linakwezedwa kufika pa mlingo wa ultimate, la zaka 700 kwa nyumba wamba za Risk Category II, ndipo factor inatsika kufika pa 1.0. Mukasankha ASCE 7-16 chifukwa ndi yatsopano, n'kulembamo liwiro la zaka 50, mwataya 1.6 yense. Mwina kwezani liwiro ndi pafupifupi 1.26, amene ndi square root ya 1.6, kapena gwiritsani ntchito code imene ikugwirizana ndi liwiro lanu.

Ikakula kasanu: phiri la Viphya lalowa mu masamu

Ili ndi vuto lathulathu. BS 6399-2 ili ndi altitude factor, Sa = 1 + 0.001Δs, pamene Δs ndi kutalika kwa malo kuchokera pa nyanja yamchere, m'mamita. National Annex ya Britain ya Eurocode ili ndi factor yofanana nayo. Masipuredishiti ambiri amene amayenda pa WhatsApp pakati pa mainjiniya, komanso mapulogalamu ena, ali ndi bokosi lolembedwa Site altitude. Munthu wachilungamo amalembamo zoona. Mzuzu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, ndiye Sa akutuluka 2.25. Chulukitsani 2.25 ndi 2.25, mphamvu yakula kuposa kasanu.

Factor imeneyi inapangidwira mapu a Britain, pamene liwiro la pa mapu linatsitsidwa dala kuti likhale ngati la pa gombe, ndipo nyumba zambiri zili pa malo otsika. Sa amabwezera chimene chinachotsedwa. Koma liwiro loyezedwa ku Mzuzu layezedwa kale pamwamba pa Viphya. Palibe chimene chinachotsedwa. Ngati liwiro lanu ndi la kuno, Sa ndi 1.0. Zomwezi zimachitika ku Lilongwe ndi ku Blantyre, mizinda yonse ili pamwamba pa mamita 1,000, kungoti kuno ndi ku Mzimba nambala imakhala yochititsa mantha kwambiri.

Chodabwitsa n'chakuti kutalika kwa malo kwenikweni kumachepetsa mphamvu. Nambala ija ya 0.613 ndi theka la 1.226, kulemera kwa mpweya mu kg/m³ pa gombe la nyanja yamchere. Kuno mpweya ndi wopepuka. ASCE 7-16 inabweretsa factor ya Ke pa chifukwa chimenechi, ndipo pa mamita 1,250 imakhala pafupifupi 0.86. Code imalolanso kungoika 1.0 paliponse. Ine ndimasiya 1.0. Magawo 14 pa 100 amenewo ndi ochepa poyerekeza ndi mmene liwiro loyambira lingaphonyere, ndipo sindiona phindu lometa pamenepo.

Za exposure ndi mapiri

Pa izi sindichedwapo. Anthu amathamangira Exposure B kapena terrain category III, magulu a malo otchingidwa ndi nyumba zina, poti nyumba ili mu mzinda. Pakati pa Chibavi kapena Mchengautuwa, pamene nyumba zathithikana mbali zonse, mwina n'zomveka. Koma exposure imayang'ana kumene mphepo ikuchokera, ndiye pulotu yoyang'anizana ndi bwalo la ndege, dambo kapena minda ndi Exposure C, ya malo apoyera, kumbali imeneyo. Pulotu ya pamwamba pa chitunda imafuna Kzt, factor ya mapiri, yoposa 1.0, ndipo pulogalamu siidziwa chitunda chanu, imangoika 1.0 mpaka inu muisinthe. Ntchito ikakhala ku Nkhata Bay pa gombe, pamene mwera umafika utayenda mtunda wautali pamadzi, ndi Exposure D kapena category I.

Denga

Njira ya diaphragm imatulutsa mphamvu yopita chammbali yokha. Ndi yabwino poona ngati nyumba yosanja ikupendama kapena ngati ma shear wall akukwana. Za denga sinena kanthu. Pa shedi ya zitsulo ku Luwinga, holo ya tchalitchi kapena buloko ya makalasi, njira imeneyi yakupatsani yankho la funso limene silinali lofunika.

Gwiritsani ntchito njira ya ma shell. Jambulani makoma ndi denga ndi section ya None, kuti zisaonjezere kulimba kapena kulemera. ETABS ili ndi Auto Draw Cladding yothandiza pa makoma, koma denga lotsetsereka nthawi zambiri mujambula nokha. Kenako perekani Wind Pressure Coefficient pa shell iliyonse. Khoma loyang'ana mphepo likhale Windward, pamene mphamvu imakula mukamakwera. Enawo akhale Other, pamene siisintha.

Cholakwika chofala chili pa chizindikiro. Mbali imene Cp ikukankhira imatsatira local axis 3 ya shell, muvi wotuluka pa nkhope yake, ndipo axis imeneyi imadalira mmene munazungulira pojambula. Mbali ya kumanzere ya denga munaijambula mozungulira ngati wotchi, ya kumanja mobwerera. Zonse mwazipatsa Cp yofanana, koma imodzi ikukokedwa m'mwamba, inayo ikukanikizidwa pansi, ndipo pa Base Reactions FZ, mphamvu yopita m'mwamba kapena pansi, ikutuluka pafupifupi ziro ngati kuti zonse zili bwino. Yatsani ma local axes pa Set Display Options, mutembenuze model mu 3D muyang'ane mivi ya axis 3 umodzi umodzi. Yonse iloze kunja kwa nyumba, kapena yonse mkati, koma musasakanize. Mukamaliza Run, onani FZ ya load ya mphepo yokha: iyenera kusonyeza kuti maziko akugwira nyumba kuti isanyamuke, ndipo kukula kwake kukhale pafupi ndi q kuchulukitsa ndi Cp ndi kukula kwa denga.

Cp imodzi pa denga lonse sikwanira. Mphepo imakoka kwambiri m'makona ndi m'mphepete. Mu EN 1991-1-4, kona ya denga lafulati lopanda parapet, zone F, ili ndi −1.8 pa malo aakulu ndi −2.5 pa kachigawo ka sikweya mita imodzi. Ndi chifukwa chake lata loyamba kunyamuka limakhala la pa kona. Gawani denga m'zigawo monga code ikunenera, ndipo khonde lotuluka kunja muliwerengere padera, popeza limakokedwa pamwamba uku likukankhidwa pansi pake.

Kenako mphamvu ya mkati mwa nyumba, imene njira za automatic sizikuikirani pa ma shell pokhapokha muiphatikize nokha mu Cp. Pa nyumba yotsekeka, BS 6399-2 ndi Eurocode zimati muyese +0.2 ndi −0.3, ASCE 7 imati ±0.18. Koma shedi yokhala ndi chitseko chachikulu kumbali ya mphepo, chitsekocho chikakhala chotsegula, imafufuma ngati jumbo youzira mpweya. ASCE imakweza kufika ±0.55. Eurocode imati pamene mpata wa mbali imodzi uposa mipata ina yonse kawiri, Cpi (Cp ya mkati) ndi 0.75 ya Cpe (Cp ya kunja) ya mbaliyo, ndipo ukaposa katatu ndi 0.9. Musavomere mawu akuti chitseko chidzakhala chotseka nthawi ya mphepo. Namondwe wa mu Novembala amafika masana, lole ili pakhomo ikutsitsa matumba.

Ma combination

Ma combination amene pulogalamu imapanga yokha amatenga W, load ya mphepo, ndi −W. Pa njira ya diaphragm palibe vuto, −W ndi mphepo yochokera mbali inayo. Pa njira ya ma shell sizili choncho: kutembenuza chizindikiro kumasandutsa kukoka kwa denga kukhala kukanikiza, pamene mphepo yeniyeni, ichokere kumpoto kapena kummwera, denga losatsetsereka kwambiri imalikokabe m'mwamba. Pangani load pattern yakeyake ya mbali iliyonse, iliyonse kawiri chifukwa cha Cpi, ndipo ma combination a −W muwachotse.

Onetsetsani kuti combination ya kunyamuka ilipo: 1.0G + 1.4W pa BS 5950 ndi BS 8110, 1.0G + 1.5W pa Eurocode, 0.9D + 1.0W pa ASCE 7-10 ndi zotsatira zake. Ndipo G (D pa ASCE), kulemera kwa nyumba yokha, wa mu combination imeneyi akhale wochepa weniweni. Timakonda kuonjezera dead load poti ndi kusamala, siling'i, ma solar, mapaipi, zonse. Pa nkhani ya kunyamuka kusamala kumeneko kumatembenuka, chifukwa mukudalira kulemera kwa siling'i imene mwini nyumba adzaika zaka zikubwerazi ndalama zikapezeka. Malata ndi ma purlin okha kawirikawiri safika ngakhale 0.2 kN/m². Ikani zoonjezerazo mu load pattern ina, ndipo musazilowetse mu combination ya kunyamuka.

Zimenezi zikakonzeka muyembekezere kuona zinthu zatsopano zitafiira. Chitsulo cha pansi cha truss, chimene nthawi zonse chimakokedwa, tsopano chikukanikizidwa ndipo chilibe chochigwira m'mbali kutalika konse, chikufuna bracing. Ma purlin nawo mbali yawo ya pansi ndiyo ikukanikizidwa, kumene malata sakugwira.

Pomaliza pitani pa tebulo la Joint Reactions, mupeze nambala yaikulu yokoka pa malo amene truss yakhala. Mwachitsanzo, truss ya mamita 12 yotalikirana ndi inzake mamita 3 imanyamula masikweya mita 36. Ngati kukoka kotsala mutachotsa kulemera kwa denga ndi 1.0 kN/m², ndiye 36 kN, kapena 18 kN kumbali iliyonse, pafupifupi matani 1.8. Waya wa galvanised wopotedwa kawiri, kapena hoop iron yokhomedwa ndi misomali itatu, sizingagwire zimenezo. Pakufunika mabawuti omizidwa mu ring beam, ndipo muonenso ngati ring beam ndi khoma la pansi pake zili ndi kulemera kokwana matani amenewo. Ngati zilibe, ring beam imangiriridwe ku zipilala ndi zitsulo zofika ku maziko. Nambala ya 18 kN ilembedwe pa drawing pambali pa detail ya mabawutiwo, kuti foromani akafuna kusintha kukula kwake adziwe chimene akuchepetsa.